Liwu loti speech ndi mnyamata wanga wa ku Ankara

Loweruka lililonse masana ndimakhala pa kamalo kena komwera tiyi ku Kızılay, pakati pa mzinda wa Ankara, likulu la dziko la Turkey, kuphunzitsa Chingelezi mnyamata wina amene akukonzekera mayeso olowera kuyunivesite. Kaganyu kameneka ndi kamene kamandilipirira lendi pamene ndikuphunzira kuno. Sabata yatha tinakakamira pa liwu limodzi lokha, speech, mpaka tiyi anazizira m'timatambula tathu tija topyapyala m'chiuno.

Mnyamatayu anali ataloweza kuti speech m'Chituruki ndi konuşma, ndipo sanalakwe. Katswiri wothandiza ana achibwibwi, amene Angelezi amati speech therapist, kuno amatchedwa dil ve konuşma terapisti. Koma m'kope mwake analemba kuti dzulo anachita speech ndi mayi ake pafoni. Nditamufunsa ngati anaimirira n'kumawalalikira mayi akewo, anadabwa. "Hocam, timangocheza basi," anatero. Hocam ndiye kuti aphunzitsi anga, ndipo ulemu umenewu umandifika pamtima nthawi zonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'Chituruki, konuşma ndi kucheza kwa anthu awiri, komanso ndi mawu a nduna pamsonkhano. Speech siilola zimenezo. Ikakhala yoti mungaiwerenge, imodzi, ziwiri, ndiye kuti munthu mmodzi waima kutsogolo, ena onse atchera khutu. Zocheza ndi mayi ake zija dzina lake ndi conversation. Ndinamumvetsa msanga chifukwa nafenso timati talankhula ndi amayi, timatinso a mfumu alankhula pamaliro, osaona chachilendo.

Kwinako tinangodutsa mothamanga. Freedom of speech kawirikawiri amati ifade özgürlüğü. Reported speech ya m'buku la galamala ndi dolaylı anlatım, parts of speech ndi sözcük türleri, ndipo konuşma mulibemo n'komwe.

Kenaka ndinamufunsa za speech yaikulu imene iye amaidziwa. Sanaganize kawiri: Nutuk. Mwana aliyense wasukulu kuno amaidziwa. Mustafa Kemal Atatürk, pulezidenti woyamba wa dziko la Turkey, anailankhula mumzinda womwe uno mu Okutobala 1927, masiku 6 otsatizana, maola oposa 36, kufotokoza mmene dziko lawo linamenyera ufulu kuyambira mu 1919. Liwu loti nutuk linachokera ku Chiarabu, ndipo pamene ankachotsa mawu obwereka m'chilankhulo chawo anabweretsa lina, söylev, koma lakale lija silinafe. Mnyamatayu atalitchula anakhala tsonga pampando, mawu ake anasintha. Ine ndikanangomupatsa tanthauzo la m'dikishonale sindikanaona zimenezo.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri chinabwera kumapeto, titayamba kale kulongedza mabuku. Ndinalemba speechless papepala lopukutira m'manja n'kumufunsa kuti kwawo amati chiyani. Anayang'ana kudenga kaye, kenaka anamenya tebulo mpaka tisupuni tinalira: nutku tutuldu! Ndiye kuti nutuk yake yagwidwa. Liwu lomwe lija la maola 36 ndi limene amagwiritsa ntchito munthu akasowa chonena. Anandifunsa za kwathu, ndinamuuza kuti timati wangoti kakasi. Analemba kakasi m'kope mwake pansi pa mawu awiri aja, n'kuitanitsa tiyi wina.