Ulendo wathu wa ku manda a ku Scopwick

Amene simunabwere Loweruka lija musadzatinamizenso kuti munali ku ntchito, ena tinakuonani pa WhatsApp mukuwotcha nyama. Tinanyamuka ku Nottingham anthu 14 pa minibasi nthawi ili 9:40, chonsecho tinapangana 8 koloko. Wotichedwetsa sindimutchula, koma ndi yemwe uja amalemba kuti "ndayandikira" asanasambe n'komwe.

Ganizo la ulendowu linachokera kwa a Tcheyamani tsiku lomwe tinamaliza kuwerengera ndalama zotumizira thupi la mnzathu uja kumudzi. Tonse tinali titatopa ndi msonkhensonkhe. Iwo anati ku Lincolnshire kuli manda a anyamata amene anafera kutali ndi kwawo ndipo palibe anawabweza, bwanji ife a gulu la maliro tikawaone.

Tsoka linayambira pa Newark. Dalaivala wathu anakhota pa raundabauti ngati minibasi ya ku Ndirande ikulimbirana pasenjala, poto wa nkhuku wa Mayi a Mapasa uja n'kupendekeka. Msuzi wonse unathera pa nsapato zoyera za Achimwene Aatali, zomwe anatiuza mtengo wake katatu tisanatuluke n'komwe mu Nottingham. Mayi a Mapasa ankalirira msuzi, Achimwene ankalirira nsapato, ndipo a Msungichuma anangofunsa funso limodzi: "Nanga nthulizo zapulumuka?" Zinapulumuka. Koma galimoto yonse inanunkhira adyo mpaka pobwerera.

Scopwick ndi kamudzi kakang'ono ka nyumba za miyala, kamtsinje kakudutsa pakati. Titafika pachipata cha manda, Amayi Aakulu anaima njii. Akuti manda a eni ake sitingangolowa ngati mumsika. Mfumu ya pano yadziwa? Adzukulu ali kuti? Achinyamata anaseka, koma ine ndinaona kuti enanso miyendo inali italemera, kungoti sankafuna kuoneka achimidzi. Tinakangana pamenepo mphindi khumi, mphepo ikutilasa m'makutu, mpaka gogo wina wachizungu wodutsa ndi galu wake anatiuza kuti chipatacho sichikhomedwa, aliyense amalowa. Amayi Aakulu sanakhutire. Anagwada, n'kuwomba m'manja katatu, n'kuti, "Odi kuno eni mudzi, ndife alendo." Nthawi imeneyo palibe anasekanso, ndipo tinalowa pambuyo pawo mwakachetechete.

A Mlembi anatiwerengera zomwe anakonza, ndiye ndizilembe kuti asanene kuti sitinamvere. Pamandapa pagona asilikali 50 a mbali ya Britain a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo 37 mwa iwo anali a gulu la ndege za nkhondo la Canada, amene ankagwira ntchito pabwalo la ndege la Digby pafupi pomwepo. Mtanda waukulu wamwala uli pakona unatsegulidwa mu 1950. Amasamalira mandawa ndi a Commonwealth War Graves Commission, bungwe lomwe linayamba mu 1917, ndipo lamulo lake linali loti msilikali aikidwe kudziko komwe wafera, mwala wa bwana ufanane ndi wa msilikali wamba.

Miyalayo ndi yoyera, yandandalikidwa bwinobwino, ya anyamata a ku Canada ili ndi tsamba lija la pa mbendera yawo. Kapinga wake womwetedwa kuposa wa pakhomo pa ambiri a ife. Tinaima nthawi yaitali pa mwala wa John Gillespie Magee, mnyamata wobadwira ku Shanghai, mwana wa amishonale, bambo ake a ku America. Anamwalira pa 11 December 1941 ndege yake ya Spitfire itawombana ndi ina m'mitambo, osati n'kunkhondo komwe. Amadziwika ndi ndakatulo yomwe analemba yokamba za kuuluka. Anali ndi zaka 19. Mayi a Mapasa atamva zakazo anaiwala za msuzi, anati ana awo akwanitsa 19 mu Januwale ndipo sadziwa n'kuchapa komwe kolala ya malaya.

Mkangano wachiwiri unabuka pa maluwa. Pamalo omwewo pali manda asanu a asilikali a Germany. Achimwene Aatali anati maluwa tinasonkhera ife sangapite kwa adani. Amayi Aakulu anawayankha kuti maliro alibe mdani, ndipo ameneyonso anabadwa kwa mayi. Anathyola okha maluwa asanu pamtolo paja n'kukaika limodzilimodzi. Achimwene anangoyang'ana nsapato zawo.

Amene anandikhudza ine ndi a Msungichuma, munthu amene sitinamuonepo akugwetsa msozi ngakhale pa maliro aja a chaka chatha. Anati agogo awo aamuna anapita kunkhondo ku Burma ndi asilikali a King's African Rifles (KAR), achimwene awo a agogowo anatsala komweko, ndipo kumudzi palibe amadziwa pomwe anagona. Akuti ali mwana ankadutsa pa chipilala cha asilikali ku Zomba osachilabadira. Ife timakhala usiku wonse pafoni kusakasaka ndalama kuti munthu akagone pafupi ndi makolo ake, pomwe awa agona pano zaka zoposa 80 ndipo alendo akuwametera udzu. A Tcheyamani anafunsa ngati zikutanthauza kuti tisiye kutumiza maliro kumudzi. Tonse tinakana kamodzin'kamodzi.

Potuluka Amayi Aakulu anatisambitsa m'manja ndi madzi a m'botolo, ozizira ngati a mufiriji, ndipo sanalole kuti tidye pafupi ndi mpanda. Tinakadyera mugalimoto, mpunga wa Kilombero ndi nkhuku youma.

Zikomo a Dalaivala potifikitsa amoyo, zikomo Alongo a ku Beeston chifukwa cha mandasi, ndi inu a Mlembi amene munawerenga mapepala atatu milomo ikunjenjemera. Anthu anayi simunaperekebe £15 ya mafuta, mukudzidziwa. Chivundikiro cha poto wa Mayi a Mapasa chili kwa ine.