Kukoka Kalavani Yaing'ono Kuchokera ku Chipata Kupita ku Mfuwe

Galimoto yathu ya banja ndi ya msinkhu wapakati, ya gulu limodzi ndi RAV4, X-Trail ndi CR-V zimene zadzaza m'misewu ya Chipata, ndipo kalavani imene ndinakoka popita ku Mfuwe ndi ya alamu anga. Ndi yaing'ono, ya matayala awiri, ili ndi tenti yopinda pamwamba ndi makabati a ziwiya m'mbali, koma ilibe mabuleki akeake. Anthu amene anamva za ulendowu ankafunsa ngati injini ikwanitse kukoka, koma imeneyo sinali nkhawa yanga, popeza galimoto yamtunduwu imanyamuka ndi katundu wotere mosavuta. Chimene chinandidyera nthawi ndi kutsimikiza kuti idzatha kuimitsa katunduyo pamtsetse, chifukwa msewu wa makilomita pafupifupi 130 umenewu umayambira pamtunda wokwera mamita oposa 1,000 n'kutsikira m'chigwa cha Luangwa, chimene kukwera kwake sikufika mamita 600.

Ndinayamba ndi manambala. Galimoto zambiri zimene timagula kuno zimachokera ku Japan zitayendapo kale, ndipo buku lake limabwera m'Chijapanizi kapena silibwera n'komwe, choncho ndinafunafuna la Chingelezi pa intaneti potsatira mtundu wa galimoto, chaka chake ndi injini yake. Buku la yanga limalola kukoka makilogalamu 1,500 ngati kalavani ili ndi mabuleki, makilogalamu 750 okha ngati ilibe, ndiponso makilogalamu osaposa 75 kutsamira pa kampira kachitsulo kokokera. Nambala yoyambayo ndi imene eni galimoto amakonda kutchula, koma kwa ine inalibe ntchito. Imene inandimanga ndi yachiwiri. Nambala ya mnzanu musaibwereke, chifukwa galimoto ziwiri za dzina limodzi zimasiyana malire malinga ndi injini ndi giyabokosi, makamaka zokhala ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wa giyabokosi yodzisinthira yokha, imene imatentha msanga ikamakoka katundu pachitunda.

Pa kalavaniyo pali kachitsulo kosonyeza kuti yadzaza isapose makilogalamu 750, ndipo yopanda kanthu imalemera pafupifupi 480. Otsala ndi makilogalamu 270, amene amaoneka ambiri mpaka munthu atayamba kuwerenga. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, kotero zigubu zitatu za malita 20 zatenga kale 60. Thumba la ufa ndi 25. Silinda ya gasi ya makilogalamu 9 ikadzaza imalemera pafupifupi kuwirikiza, chifukwa chitsulo chakenso n'cholemera. Mukaonjeza batire, kafiriji, mbaula, makala, mipando, zofunda, jeke ndi tayala lapadera, malire aja mwawayandikira musanaike ndiwo.

Za mapepala sizinavute. Laisensi ya gulu B imene RTSA, bungwe la boma la Zambia loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, imapereka imalola kukoka ngolo yosaposa makilogalamu 750, ndipo yoposa pamenepo imafuna gulu la BE. Kalavani imakhala ndi nambala yakeyake, msonkho wake wa pamsewu ndi chiphaso chakuti ili bwino, zimene ndinaona kuti alamu anali atalipira. Ndinadziwitsa a inshuwalansi kuti ndikukoka, ndinaika mathirayango awiri ochenjezera pamsewu pamalo osavuta kufikira, ndipo ndinapukuta timapepala tonyezimira ndi zilembo za T, choyera kutsogolo ndi chofiira kumbuyo, popeza apolisi a pamsewu zimenezi amaziona asanafunse n'komwe laisensi.

Chitsulo chokokera ndinakamangitsa kwa amakanika odziwa ntchitoyi. Owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu angathe kukupangirani china pa mtengo wotsika, ndipo ntchito yawo pa mageti ndi mawindo ndimailemekeza, koma galimoto za msinkhu uwu zambiri zilibe chasisi yapayokha, choncho chitsulocho chimafunika kumangidwa ndi mabawuti pamalo amene opanga galimoto anakonzeratu. Kampira kake ndi ka mamilimita 50, ndipo ndinatsimikiza kuti kakamwa ka kalavani ndi ka muyezo womwewo. Amakanikawo anakokanso mawaya a pulagi ya mapini 7 yopereka magetsi ku maindiketa, nyali za mabuleki ndi nyali zausiku.

Kalavaniyo inali itakhalitsa pafamu osayenda, ndipo mkulu wa pagalajapo atagwada kuona matayala anandiitana. "Bambo, bwerani muone. Mano alipo ndithu, koma tayalali lapsa ndi dzuwa," anatero akundilozera timing'alu tating'ono m'mbali mwake. Anandisonyezanso manambala anayi a kumapeto kwa chizindikiro cha DOT cholembedwa m'mbali mwa tayala, awiri oyamba otchula sabata ndi awiri otsiriza otchula chaka chimene tayala linapangidwa. Tinagula ena atsopano. Kenako anaikweza pa jeke, anazunguza gudumu lililonse akumvetsera, analigwedeza ndi manja awiri kuti amve ngati likusewera, ndipo anatsuka maberingi n'kuikamo girizi watsopano.

Kulongedza ndi kumene ndinakhalitsapo kwambiri. Katundu wolemera amafunika kukhala pansi, pafupi ndi ekiselo ndiponso chakutsogolo kwake pang'ono, kuti mutu wa kalavani uzitsamira pa kampira ndi makilogalamu 7 mpaka 10 pa makilogalamu 100 alionse a kulemera kwake konse. Mutu ukapepuka, kalavani imayamba kupukusa mchira liwiro likakwera. Ukalemera kwambiri, galimoto imakhala pansi kumbuyo, matayala akutsogolo amapepuka, ndipo chiwongolero chimasiya kumvera. Pofuna kuyeza, ndinatenga sikelo ya kubafa, ndinadula chipika cha mtengo kuti kakamwa ka kalavani kakhale pa msinkhu womwewo wa kampira, ndipo ndinatsitsa mutuwo pang'onopang'ono mpaka kagudumu kochirikiza kutsogolo katasiya nthaka. Zigubu zili m'kabati ya kumbuyo, kumene opanga kalavaniyi anasiya malo ake, sikelo inasonyeza 30. Nditazisamutsira kutsogolo kwa ekiselo n'kuzimanga ndi malamba, inafika 65, ndipo pamenepo ndinaleka. Kulemera konse ndinakayezetsa pa sikelo yaikulu ya magalimoto onyamula chimanga, kalavani itamasulidwa payokha, ndipo inakwana 730. Tisaiwale kuti makilogalamu 65 aja amawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto, pamodzi ndi anthu asanu ndi zikwama zawo, choncho m'buti ndinangoikamo zopepuka.

Kukoleka kuli ndi dongosolo lake limene sindilola munthu kundilankhula ndili pakati. Ndimatsitsa kakamwa pa kampira mpaka loko italira, kenako ndimapukusa kagudumu kochirikiza ngati ndikufuna kukweza, ndipo kumbuyo kwa galimoto kukanyamuka nako ndimadziwa kuti zagwirana. Matcheni awiri ndimawapingasa pansi kuti mutu ukavuka ugwere pa iwo m'malo mokumba phula. Pambuyo pake ndimakweza kagudumu kaja n'kukamanga zolimba, ndimalowetsa pulagi, ndipo amayi a kunyumba amaima kumbuyo kunena ngati nyali iliyonse ikuyaka. Kubwerera m'mbuyo ndinakayeserera pa bwalo la mpira kulibe ana. Dzanja likagwira chiwongolero cham'munsi, mbali imene dzanjalo lapita ndi imenenso kalavani imalowera, koma kalavani yaifupi imapindika mofulumira kwambiri, ndipo ikayamba kupinda bondo palibe nzeru ina koma kupita kutsogolo n'kuyambanso.

Tinanyamuka kutangocha, phula lisanatenthe. Liwiro sindinalole kuti lipose makilomita 80 pa ola, ndipo mpata pakati pa ine ndi galimoto yakutsogolo ndinauwirikiza, chifukwa mabuleki amene anapangidwira galimoto yokha tsopano anali kuimitsanso makilogalamu 730 okankha kumbuyo. Msewu umenewu ndi wa anthu ambiri: njinga zosenza matumba a makala otambalala kuposa wopalasa, zikochikale za ng'ombe, mbuzi, ndi mabampu a pamalo a malonda amene ena saoneka mpaka mutawafika. Podutsa wanjinga ndinkadikira kuti ndimuone pagalasi la kumanzere ali kumbuyo kwa kalavani ndisanabwerere kumbali yanga, popeza iye amaona galimoto yadutsa n'kulowanso mumsewu asakudziwa kuti kukubwera china. Titayenda makilomita ngati 20 ndinaima, ndinaika dzanja pakati pa gudumu lililonse la kalavani kuti ndimve kutentha, ndipo ndinakunganso malamba. Kufunda pang'ono si vuto, koma pakatentha moti dzanja silingakhalepo ndiye kuti beringi ikudyeka.

Pamitsetse yolowera kuchigwa ndinkatsitsa giya ndisanayambe kutsika, kuti injini igwire galimoto, ndipo mabuleki ndinkaponda mwamphamvu kwakanthawi n'kusiya kuti azizire. Kutsamira phazi pa buleki mtsetse wonse kumatenthetsa mapadi mpaka asiye kugwira, ndipo munthu amazindikira zimenezi pofika pakona. Lole yonyamula thonje itatidutsa, mphepo yake inakankha kalavani ndipo ndinamva kumbuyo kukugwedera. Ndinangochotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, chiwongolero ndili chigwirire osachipotoza, mpaka kalavani inabwerera mumzere. Kuponda buleki mwadzidzidzi panthawi yotere kumaonjezera kugwederako, ndipo malangizo amene ena amapereka akuti muwonjezere liwiro kuti iwongoke ine sindiwakhulupirira ngakhale pang'ono.

Kupitirira Jumbe ndi Masumba kutentha kumasintha, ndipo mu Okutobala chigwachi chimapyola madigiri 40, choncho diso langa linkabwerera kawirikawiri pa muvi wa kutentha kwa injini. Kuyandikira Mfuwe pali chinthu china chimene woyendetsa wopanda kalavani saganizira kwenikweni: njovu zimadutsa msewu popita kumtsinje kapena kumitengo ya mango, ndipo njira yodzitetezera ikakutembenukirani ndi kubwerera m'mbuyo, chinthu chimene wokoka kalavani sangachite mofulumira. N'chifukwa chake ndinkaima patali kwambiri kuposa mmene ndikanaimira ndili ndi galimoto yokha.

Misasa yambiri yogona alendo ili kunja kwa paki ya South Luangwa, m'mbali mwa mtsinje, ndipo pamsasa wathu ndinasankha malo olimba amene ndikanatha kulowa ndi kutuluka chakutsogolo. Ndinatsekera matayala ndi zipika ndisanamasule kakamwa, chifukwa kalavani yopanda buleki ikamasuka pamalo opendekeka palibe angaigwire ndi manja. Zipatso tinakasungitsa kukhichini ya pamsasa poopa njovu ndi anyani, ndipo m'paki tinawoloka mlatho ndi galimoto yokha.

Pobwerera kulongedza kumayambiranso. Madzi, ufa ndi makala zimene zinali kutsogolo kwa ekiselo zinali zitatha, pamene mipando ndi zofunda za kumbuyo sizinasinthe, motero mutu unapepuka mpaka 40. Ndinadzazanso zigubu ziwiri, ndinasamutsira jeke ndi bokosi la masipanala kutsogolo, ndinakunga manati a magudumu, ndipo tinanyamuka m'mawa kuti zitunda tizikwere kusanatenthe, pa giya yotsika, makina oziziritsa m'galimoto atazimitsidwa pamalo otsetsereka kwambiri.