Nswala ija ikadali kutchire

Tulo takana. Ndi 11 koloko usiku, ndili m'kachipinda ka pafamu kuno kufupi ndi Alldays ku Limpopo, ku South Africa, kuzizira kwa July kwalowa mpaka m'mafupa, ndipo kavidiyo ka masekondi 9 ka nswala yomwe ndailasa ndi muvi lero ndakaonera kambirimbiri moti ndikatsinzina ndikungokaonabe.

Masana ndinalowa mu hide, kachisakasa kobisalamo kamene anamanga pafupi ndi chithaphwi chomwe nyama zimabwera kudzamwa, poti nyengo ino mvula inasiya kalekale ndipo masamba a tsanya ayamba kufiira. Ndimasaka ndekha ndipo ndimajambula ndekha, palibe wondigwirira kamera, ndiye kamera yanga ya GoPro ndimaiimika pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, pambali pa kazenera kowomberapo, uta wanga wa compound, wa timagudumu wokokedwa ndi mphamvu ya mapaundi 65, uli pamwendo. Cha m'ma 4 koloko kunabwera nswala zinayi, yamphongo imodzi ya nyanga zopindika bwino. Inaima chopingasa pa mamita 22, mutu pansi ikumwa, ilibe nkhawa iliyonse. Pamenepo ndi pomwe ndimayenera kukoka uta. Koma diso langa linapita pa kasikilini ndipo ndinaona kuti nswalayo ili m'mphepete, miyendo yakumbuyo siikuoneka, ndiye ndinatambasula dzanja kuti ndikhotetse kamera pang'ono chabe, tripod nkulira kuti tiki. Mutu wa nswala m'mwamba, makutu njo, thupi lonse lakungika. Ndimadziwa bwino lomwe kuti nswala ikatero sulasa, umadikira iweramenso. Ndinakoka, ndinaponya.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi chomwe ndinachita muvi utangochoka. Mlenje aliyense amadziwa kuti maso ako amatsata nyamayo mpaka itazimiririka, umasunga mtengo womwe yadutsapo, umamvetsera komwe tchire likuthyoka. Ine ndinayang'ana kanyali kofiira ka kamera kuti ndione ngati ikujambula.

Madala amene amalondola mapazi a nyama pafamu pano ndi a kwathu, a ku Ntcheu, anabwera ku Joni kalekale ine ndisanayambe ndi sukulu yomwe. Chaka chachitatu chino tikudziwana ndipo timayankhula Chichewa chokhachokha tikakhala awiri. Atafika ndi galimoto ya pafamu sanapereke ndi moni omwe, anangofunsa kuti, "Yalowera kuti achimwene?" Ndinaloza ndi dzanja chakumadzulo konseko. Iwo anati, "Ayi, pamtengo uti?" Ndinalibe yankho. Ndinati, "Madala, tiyeni tione pa vidiyo." Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anagwada pambali panga nkuti, "Tsegulani."

Ndimajambula mafulemu 240 pa sekondi kuti ndizitha kuonera pang'onopang'ono, ndipo kumapeto kwa mivi yanga kuli tinyali tomwe timayaka muvi ukangochoka pachingwe. Ndiye zonse zikuoneka, palibe chobisika. Kadontho kobiriwira kakuyenda mumlengalenga, ndipo kasanafike ndi theka la njira nswala yayamba kale kuphwa pansi, miyendo ikupindika kuti idumphe, thupi likutembenuka. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi pomwe muvi wanga umayenda mamita 85 okha, ndiye kulira kwa chingwe kumafika m'makutu mwa nyama muvi ukadali kutali, ndipo nswala yomwe yatchera kale khutu imakhala ndi nthawi yokwanira yochoka pomwe unalunjika. Ndinalunjika kuseri kwa phewa kuti muvi udutse m'mapapo onse awiri. Unalowa pamwamba, chakumbuyo. Kenako fumbi, nswala yatuluka m'chithunzi, ndipo kwatsala chithaphwi chokha ndi mpweya wanga ukumveka wefuwefu.

Muvi tinaupeza pa mamita ochepa kuseri. Madala anautola, anaupenda kuchokera ku broadhead, nsonga yakuthwa ya muviwo, mpaka ku nthenga, anaununkhiza. Magazi anali akuda bii, opanda thovu. Anati akanakhala ofiira owala okhala ndi tithovu bwenzi tikunena za mapapo ndipo nyama ikanakhala itagwa pafupi pompano, akanakhala ndi fungo la chifu bwenzi tikupita kunyumba osaponda ndi phazi limodzi lomwe m'tchiremo. Awa, anati, mwina ndi chiwindi mwina ndi mnofu chabe wa pamsana. Ngati ndi chiwindi imwalira koma imafuna maola, ngati ndi mnofu ikhoza kuchira, koma ikhozanso kuvutika masiku ambiri ndi bala.

Tinadikira ola lathunthu titakhala pansi osayankhulana kwenikweni, dzuwa likupendeka, nthawi ino mdima sumachedwa. Kenako tinatsata pang'onopang'ono, iwo kutsogolo ataweramira pansi, akuloza ndi kamtengo madontho omwe ine sindimawaona mpaka atawakhudza, kena pa tsamba louma, kena pa mwala, kena pa udzu pamtunda wofika m'chiuno mwa nswala. Tinafika pomwe inagona. Pansi panali ponyowa, kukula ngati chikhatho, ndipo mapazi otulukapo anali atsopano otalikirana. Tinali titaidzutsa tokha. Madala anawongoka nkuti basi tibwerere, tikapitiriza tiithamangitsira kutali komwe sitidzaipezanso.

Pobwerera ku galimoto ndi pomwe anayankhula. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira. Anati, "Achimwene, kamera yanu yaona bwino kwambiri lero. Inuyo ndi amene simunaone." Ndinayamba kufotokoza kuti vidiyo ndi yomwe yatithandiza kudziwa pomwe muvi walowa, ndipo anavomera, anati zoona, kale ankangodalira mawu a mlenje ndipo mlenje aliyense amalumbira kuti walasa pamtima penipeni, ndiye amayenda tsiku lonse akufuna nyama yakufa pomwe ili moyo. Anati pa chimenecho kamera sanganyoze. "Koma ndikufunseni, nswala ija inadzutsa mutu chifukwa chani?" Sindinawauze za tripod. Anali atamva okha pa vidiyo, kaphokoso kakang'ono kaja, nthawi yoyamba yomweyo. "Mapanga awiri avumbwitsa," anatero, akutsegula chitseko cha galimoto.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi ndinayambiranji kujambulaku. Poyamba zinali za bambo anga ku Dedza. Iwo ali anyamata ankapita ku uzimba ndi uta wa mtengo ndi agalu, ndipo nditawatumizira vidiyo yoyamba ya njiri pa WhatsApp anandiimbira foni ola lathunthu akufunsa za timagudumu ta uta wanga, akuti uta wanji wokhala ndi mawilo ngati njinga. Chisangalalo chawo chija ndi chomwe ndinkafuna. Kenako ndinayamba kuika pa YouTube, anthu ochepa ndithu amaonera, koma pang'onopang'ono ndinayamba kukhala mu hide ndikuganiza za kuwala, za batire, za ngati nyama yaima pakati pa chithunzi, ndipo sindikudziwa tsiku lomwe zinasinthira. Lero ndaona zotsatira zake pa thupi la nyama yamoyo.

Mwini famu anangonena zomwe ndimazidziwa kale, kuti nyama ukaivulaza umalipira ngati waipha, ipezeke isapezeke. Ndilipira, ndalamayo si imene ikundisowetsa tulo. Chomwe chinandikwiyitsa ndi mnzanga wa ku Johannesburg yemwe timaponya naye mivi Loweruka, nditamutumizira kavidiyoko anayankha msanga kuti slow motion yake ndi yokongola heavy, ndingodula pomwe muvi ukulowa nkuika ngati phunziro la mmene nswala imazembera muvi. Kudula. Ndiye kuti tiki uja achoke, dzanja langa lopita ku kamera lichoke, magazi akuda aja achoke, atsale ndi nswala yochenjera ndi mlenje watsoka. Ndinalemba yankho lalitali nkulifufuta. Mavidiyo ambiri omwe ndinaphunzirirapo ndi oterowo, muvi, nyama yagwa, anthu akugwirana chanza, ndipo tsopano ndikudabwa kuti ndi angati mwa iwo anali ndi madzulo ngati anga omwe sanaonetse. Kuika vidiyo yonse osadula kukundiopsa, kuibisa nakonso kukundinyansa.

Tisanasiyane madala anati tikumane 5 koloko mmawa, abwera ndi kagalu kawo ka Jack Russell kamene kamatsata magazi, tikayambire pomwe inagona paja kusanatenthe. Kenako anawonjezera motsitsa mawu kuti, "Kamera ija mawa muisiye m'chipinda." Sindinayankhe, ndinangoti mugone bwino madala.

Mabatire onse awiri ndawaika pa chaja, mwachizolowezi kapena mwadala, sindikudziwa. Panja nkhandwe zayamba kulira, kumadzulo komwe kuja, ndipo ndatuluka kawiri kukaima pakhonde kumvetsera ngati zikulira malo amodzi kapena zikuyenda.