Mmene tinapezera chilolezo cha khonsolo chomanga nyumba za okalamba kuno ku Chipata

Mumpingo mwathu muli agogo amene alibe wowasunga. Ena ana awo anatha m'zaka zija Edzi inavuta, ena ana ali ku Lusaka ndi ku Kitwe koma sabwera, ndipo awiri anachita kuthamangitsidwa kumudzi powanamizira ufiti. Titakambirana, tinagwirizana zomanga timanyumba 10 ta chipinda chimodzi chimodzi, khitchini ya onse, ndi nyumba ya wowasamalira. Ine ndine mlembi wa komiti, choncho mapepala onse amadutsa m'manja mwanga. Anzathu a mipingo ya ku Katete ndi ku Chadiza akhala akundifunsa njira yake, ndiye ndati ndiifotokoze mmene tinaiyendera.

Nkhani inayambira pa malo, osati pa pulani. Malo athu ali kunja pang'ono kwa tauni, cha kumsewu wa ku Lundazi, ndipo linatipatsa ndi banja lina la mumpingo. Anali malo a makolo awo, pansi pa mfumu. Lamulo la Lands Act la 1995 limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo ilipo ya mafumu ndi ya boma imene munthu amabwereka mpaka zaka 99. Ena m'komiti ankati mawu a banja ndi a amfumu akukwanira. Ine ndinali mbali ya amene ankafuna taitolo, chifukwa amene akupatsani malo lero adzamwalira, ndipo mdzukulu wawo akhoza kudzabwera nati munda wa agogo anga ndikuufuna. Munthu wa zaka 80 amene anathamangitsidwa kale kamodzi sayenera kusamutsidwanso.

Tinayamba ndi banja lenilenilo. Kuno Angoni ndi Achewa anakwatirana kalekale, ndipo pa nkhani ya malo ena amayang'ana kuchimuna, ena kwa amalume, eni mbumba. Tinaitana mbali zonse ziwiri, ndi a m'tauni omwe, ndipo aliyense anasaina kapena kudinda chala pamaso pa amfumu a m'mudzi. Lamulo la Lands Act lija limafuna kuti anthu amene malowo akuwakhudza afunsidwe asanasinthidwe kukhala a taitolo, choncho pepala limeneli tinalifunanso kutsogolo.

Kwa mfumu yaikulu simupita nokha. Anatitsogolera ndi amfumu a m'mudzi, ife ndi abusa tili pambuyo ndi kamphatso m'manja, ndipo nkhani yathu inadzera mwa nduna. Mfumu itamva zonse inafunsa chinthu chimodzi: "Okalamba amenewa akatisiya, mukawaika kuti?" Abusa anayankha kuti, "Nkosi, amene ali ndi kwawo tidzawaperekeza kwawo. Amene alibe, tabwera kudzapempha nzeru kwa inu makolo." Nkhaniyo inatha amfumu a m'mudzi atavomera kuti manda a mudziwo adzalandira aliyense amene wamwalirira pamalopo wopanda abale. Palibe fomu ya boma imene imafunsa zimenezi, koma kuno munthu sangavomere mudzi watsopano pa nthaka yake asanadziwe za maliro ake.

Mfumu itasaina fomu yovomereza, tinaipereka ku khonsolo pamodzi ndi kamapu ka malowo. Anabwera kudzaona ngati palibe wina akulimapo kapena kumangapo, kenako khonsolo inalembera Commissioner of Lands ku unduna wa za malo kuti ikuvomereza. Kuchokera uko kumabwera kalata yokupatsani malo, saveya amapima ndi kuika mabikoni, ndipo taitolo imatuluka pomaliza. Gawo limeneli limadya nthawi, musamalonjeze okuthandizani kuti muyamba mwezi wamawa. Taitolo isakhale m'dzina la abusa kapena la wapampando. Abusa amasamutsidwa. Lamulo la Land (Perpetual Succession) Act limalola mpingo kulembetsa matrasti ake, anthu osunga katundu m'dzina la mpingo, kuti malo akhale a bungwe ngakhale anthu asinthe, ndipo ife tinadzera mmenemo.

Kukhala ndi malo si kuloledwa kumanga. Chilolezo chomangira chili pansi pa Urban and Regional Planning Act ya 2015, imene inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act yakale, ndipo kuno amene amapereka ndi Chipata City Council. Chipata inakhala mzinda mu Febuluwale 2017. Mapulani ayenera kujambulidwa ndi munthu wolembetsedwa ku Zambia Institute of Architects. Mumapereka makope ake, pulani yoonetsa mmene nyumba zikhalire pamalopo, kope la mapepala a malo, ndipo mumalipira ndalama yowunikira mapulani. Risiti muzisunga, ndipo nambala ya fayilo muilembe pamene simungaiwale, chifukwa fayiloyo imayenda: kwa a mapulani a mzinda, kwa mainjiniya, kwa a zaumoyo, kwa ozimitsa moto. Aliyense amalembamo maganizo ake.

Oyang'anira mapulani anatiuza msanga kuti zathuzi si nyumba za banja wamba, ndi malo a bungwe osamalirapo anthu, choncho oyandikana nafe ayenera kudziwitsidwa ndi kupatsidwa mpata wotsutsa. Anatinso tilembere ZEMA, bungwe loona za chilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, popeza ndilo limanena ngati ntchito ikufunika lipoti lalifupi kapena kafukufuku wamkulu. Kwa ife lalifupi linakwanira.

Tsiku limene anabwera kudzayendera malo ndilo linasintha pulani yathu kwambiri, ndipo ndimaliyamikira. Aliyense wa kuno akudziwa mmene madzi amatsikira m'mapiri ozungulira tauni ino mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale. Injiniya anayenda mpaka kumunsi kwa malowo, nafukula dothi ndi chidendene, nati apa ndi dambo. Nyumba ziwiri zinakwezedwa kumtunda ndipo anatiuza kuti tikumbe ngalande yopatutsa madzi. Mapaipi a Eastern Water and Sanitation Company sanafike kumeneko, ndiye tinaganiza zobowola chitsime. Apo panalowa WARMA, bungwe loona za madzi, kumene chitsime chobowola chimalembetsedwa, ndipo pakati pa chitsimecho ndi sepitiki thanki payenera kukhala mamita osachepera 30. Pa malo otsetsereka muyang'anenso chimene chili kumtunda kwa chinzake.

Za zimbudzi komiti yathu inali yogawanika. Asungichuma ankafuna chimbudzi ndi bafa za onse kumapeto kwa bwalo, chifukwa ndalama ndi zopempha. Amayi a chigwirizano ankakana. Mkangano unatha pamene mayi wa zaumoyo wa ku khonsolo anafunsa asungichuma kuti, "Bambo, amayi anu atakhala ndi zaka 85, maso sakuona bwino, mvula ikugwa pakati pa usiku, mungawalole kuyenda mtunda umenewu?" Tsopano pa pulani nyumba iliyonse ili ndi chimbudzi chokhalira ndi bafa mkati, zitsulo zogwirira pakhoma, ndi simenti yosaterera. Masitepe anachotsedwa, pakhomo pali potsetsereka pang'onopang'ono, ndipo zitseko ndi zotakata moti njinga ya olumala ilowe. Persons with Disabilities Act ya 2012 imafuna kuti nyumba zolandira anthu zikhale zofikirika kwa olumala, ndipo ukalamba umabweretsa kulumala ngakhale kwa munthu amene anali wamphamvu. Mtengo unakwera, inde. Koma fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo, ambiri sadzukanso.

Wozimitsa moto naye anafunsa za mbaula. Mu Juni ndi Julaye agogo sangagone osalowetsa makala m'nyumba, ngakhale muwaletse bwanji, ndipo mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu ali m'tulo osamva kanthu. Anafuna timabowo ta mpweya pamwamba pa makoma tosatsekeka, zitseko zotsegukira kunja zimene wosamalira angatsegule ngakhale mwini atakhoma, ndi njira yoti galimoto ifike pakhomo lililonse.

Khonsolo inafunanso kalata yochokera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ya unduna wa Community Development and Social Services. Kumeneko anatikumbutsa kuti boma limafuna okalamba azisungidwa m'mabanja mwawo, ndipo nyumba ngati zathu zikhale za amene zina zonse zawakanika. Ndikugwirizana nazo. Koma nyumba zodziwika zosungira okalamba, monga Maramba ku Livingstone, Chibolya ku Mufulira ndi Mitanda ku Ndola, zili kutali ndi kuno, ndipo kutumiza gogo wa ku Chipata kumene sadziwa chilankhulo kapena munthu ndi kumuika m'manda ali moyo. Tinalemba mmene tidzasankhire olowa, kuti ofesiyo idzakhala nawo posankha, ndiponso kuti ndalama ya boma ya Social Cash Transfer imene ena a zaka 65 kupita m'mwamba amalandira idzakhala ya iwo eni, osati ya komiti.

Msonkhano wa oyandikana nafe unaitanidwa ndi akhansala pamodzi ndi komiti ya chitukuko ya m'wadi. Zodandaula zina zinali zomveka. Bambo wina anati waona anthu akupempha malo m'dzina la ana amasiye, pakapita zaka pang'ono n'kukhala loji kapena nyumba za lendi. Ananena zoona, ndipo tinavomera kuti khonsolo ilembe m'chilolezo kuti ntchito ya malowo isasinthe popanda kupempha mwatsopano. Wina anaopa kuti chitsime chathu chidzaumitsa chake.

Kenako mnyamata wina anaimirira nanena zimene ambiri ankanong'onezana: "Mukufuna kutisonkhanitsira mfiti zimene midzi yawo yazikana." Anthu ena anaomba m'manja, ndipo ine mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa agogo awiri amene ankanenedwawo anali pomwepo pamphasa. Akhansala anamudula namukumbutsa kuti Witchcraft Act, mutu 90 wa malamulo a Zambia, imaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo munthu akhoza kumangidwa nazo. Lamulo linamukhazika pansi, koma silinachotse mantha. Amene anathandiza ndi namwino wina wopuma pantchito wa mumpingo mwathu. Anafotokoza za matenda oiwalaiwala a ukalamba, mmene ubongo umafookera mpaka munthu kuiwala dzina la mwana wake, kudzuka usiku n'kumafuna njira ya kumudzi kumene anakulira, mwina osavala, n'kupezeka mbandakucha kuseri kwa nyumba ya eni. Anafunsa kuti ndani sanaonepo zimenezi mwa agogo ake. Manja amene anaomba aja anakhala pamiyendo.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse chinachokera kwa bambo wina wachikulire, ndipo analankhula mwaulemu. Anati, "Abusa, mwambo wathu sititaya makolo. Mukamanga izi, ana athu adzaona potayira." Mawu amenewo sindinawapeputse ndipo mpaka pano amandikhala mumtima. Mmodzi wa agogo aja anapempha kuti ayankhe yekha. Anati, "Achimwene, ine ananditaya kale nyumbayi isanamangidwe. Pano ndimagona m'khitchini mwa eni." Anapemphanso kuti pasakhale mpanda wautali wa njerwa ndi geti lokhoma, zidzukulu zikabwera zizigona, ndipo aliyense akhale ndi kadimba ka chibwabwa ndi therere ndi poika nkhuku zake. Zonsezi zinalowa m'maminitsi, akhansala ndi amfumu anasaina, ndipo tinakaziphatika ku fayilo. Mukamachita msonkhano wotere, okalamba eni ake akhalepo ndipo apatsidwe mpata. Akhansala anatiuza pambuyo pake kuti mawu a agogowo ndiwo anawerengedwa mokweza pokambirana.

Zotsalazo zinali zodikira. Akuluakulu a madipatimenti amalemba lipoti, komiti ya makhansala yoona za mapulani imakambirana, kenako nkhani imapita ku msonkhano wa khonsolo yonse. Misonkhano imeneyi ili ndi nthawi zake, choncho mufunse tsiku limene mapepala amatsekera, kuti musatsalire pa chifukwa cha kalata imodzi. Akakukanani amayenera kunena chifukwa, ndipo lamulo la 2015 lija linaika bwalo la apilo pa nkhani za mapulani. Ife sitinafike kumeneko. Ndipo podikira musakumbe maziko, ngakhale wina atakupatsani simenti yaulere: khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ndi kugwetsa chomangidwa popanda chilolezo.

Mapulani anabwerera atadindidwa, ndi kalata ya zoyenera kutsata. Womanga akhale wolembetsedwa ku National Council for Construction. Oyendera aitanidwe maziko atakumbidwa konkire isanathiridwe, ndiponso mapaipi a zonyansa asanakwiriridwe. Munthu asalowe m'nyumba khonsolo isanayendere komaliza ndi kupereka chikalata chololeza kukhalamo. Mfundo yomalizayi ndi yovuta kuisunga, chifukwa agogo amene akugona m'khitchini amaona makoma akukwera ndipo amafunsa Lamulungu lililonse kuti alowa liti.

Pano makoma afika pamazenera. Chimene chatsala pa zofuna za khonsolo ndi msewu: kuchokera patala mpaka pamalo athu pali kamtsinje kamene kamadzaza nthawi ya mvula, ndipo ambulansi yopita ku Chipata Central Hospital singawoloke. Pakufunika kamlatho. Si ife tokha amene tidzapindule nako, mudzi wonse umadutsa pomwepo, choncho amfumu ndi komiti ya m'wadi alemba pempho ku thumba la CDF, la chitukuko cha madera a aphungu, limene boma linakweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022. Likapanda kudutsa, azibambo a mumpingo ndi a m'mudzi agwirizana kuti adzatuta miyala ndi mchenga okha, ife tigule mapaipi a konkire, ndipo injiniya wa khonsolo wavomera kudzationetsa poyala.