Palibe anamukankha, bondo linangolowera mkati

Loweruka lapitali mtsikana wa mu timu yanga ya mpira wamanja, wosewera senta, wa zaka 14, anagwa pabwalo popanda womugunda. Anadumpha kuwakha mpira, kutera ndi mwendo wamanja, bondo n'kulowera mkati, basi anali pansi akulira. Mayi ake atafika anandifunsa kuti "akochi, wamukankha ndani mwana wanga?" ndipo ndinasowa poyambira chifukwa palibe anamukhudza olo pang'ono.

Usiku tulo sitinabwere, ndinatenga kope kuyamba kuwerengetsera sabata yake. Tirening'i yakusukulu masiku anayi, kwa ine Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, Lachisanu gemu ya zoni, kenako Loweruka bonanza magemu anayi pabwalo la simenti dzuwa likuswa mtengo, ndiye onjezanipo ndowa za madzi m'mawa uliwonse ndi ulendo wapansi wakusukulu. Aphunzitsi amaona zawo, ine ndimaona zanga, palibe amene amaphatikiza zonse, koma bondo lake ndi limodzi lomwelo. Komanso chaka chino watalika ngati nsungwi, mafupa athamanga kusiya minofu m'mbuyo, ndipo miyezi iwiri yapitayo anandiuza kuti pansi pa bondo pakumapweteka, kabampu kaja madokotala amakatcha Osgood-Schlatter. Ine ndinangoti paka mankhwala uziwotha ndi madzi otentha. Zimenezo zikundiwawa mpaka pano.

Mpira wamanja ndi wankhanza pa mawondo, lamulo la mapazi limafuna uime nji pomwe watera, ukuthamanga liwiro lonse. Ngakhale Mwai Kumwenda mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL unaduka mu 2018 ali ku timu ya Melbourne Vixens ya ku Australia. Iye anapangidwa opareshoni, anali ndi ma physio (akatswiri othandiza ovulala kulimbitsanso thupi), anabwerera mpaka kutenga chikho mu 2020. Nanga mwana wa kuno kwathu, amene transipoti yopitira kuchipatala chachikulu imavuta kale, abwerera bwanji?

Chondipweteka kwambiri nchakuti katereredwe kake ndinkakaona tsiku lililonse. Amatera miyendo ili chiwongokere, mawondo akuyang'anana, chidendene phii pansi. Koma poti amapatsira bwino mipira ndipo timawina, ndinkangowomba m'manja.

Njira ilipo ndipo siyofuna ndalama. Anzathu a mpira wamiyendo ali ndi FIFA 11+, mphindi 20 zokha zotenthetsa thupi, kuima ndi mwendo umodzi, ma squat (kunyonyomala n'kudzuka), kudumpha n'kutera mofewa bondo lili pamwamba pa zala. Ku Norway anayesa pa atsikana azaka 13 mpaka 17, zotsatira zinatuluka mu 2008, kuvulala kunatsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ife kutenthetsa thupi kwathu ndi kuzungulira bwalo kawiri tikuimba, basi mpira uyambe.

Dzulo ndinawaika atsikana onse 12 pamzere, aliyense adumphe kuchoka pa benchi ine ndikujambula pafoni. Asanu ndi awiri mawondo analowera mkati. Titaonera limodzi vidiyo ena anadabwa, mmodzi anati "iih akochi, ndine ameneyo?" Tagwirizana kuti aliyense azilemba m'kope magemu ndi tirening'i zonse za sabata, kuphatikiza zakusukulu ndi zakutchalitchi, ndipo yemwe kope lake ladzadza Lachinayi azikhala pa benchi kuwerengera anzake zigoli. Senta wanga akupita ku X-ray mawa, ndimuperekeza ndi mayi ake.