Lipoti la ulendo wa ku Kingston: kuyeza maganizo a akaidi

Loweruka lapitali gulu lathu loyendera akaidi linanyamuka ku Ottawa m'mamawa kupita ku Kingston, m'dziko la Canada. Tinayamba ndi Kingston Penitentiary, ndende yomwe inatsegulidwa mu 1835 n'kutsekedwa mu 2013. Tizipinda take ndi tating'ono zedi.

Chimene tinapitira chinali masana. Bambo wina, katswiri wa za maganizo amene anagwira ntchito m'ndende mpaka kupuma, anatifotokozera mmene amaonera ngati mkaidi angadzalakwenso akatuluka. Anati akatswiri ofufuza Don Andrews ndi James Bonta anaonetsa kuti maganizo okomera upandu komanso anzake a munthu ndi zina mwa zinthu zikuluzikulu zomubwezera kundende. Kenako anatigawira mafunso otchedwa MCAA, oyezera maganizo a mkaidi pa upandu ndi anzake amene amacheza nawo, omwe Jeremy Mills, Daryl Kroner ndi Adelle Forth anafalitsa mu 2002.

Gawo loyamba la mafunsowa linatikhazika chete. Mkaidi amaganizira akuluakulu anayi amene amacheza nawo kwambiri, n'kuyankha za aliyense: kodi analakwirapo lamulo, kodi anayesapo kukukopera ku upandu? Gawo lachiwiri lili ndi ziganizo 46 zoti avomere kapena akane, zokhudza chiwawa, mtima woti "chimene ndafuna ndi changa", kufunitsitsa kuphwanya lamulo, ndi mmene amaonera anzake ochita upandu. Ine ndinakonda gawo loyambalo. Amene timawayendera, akamafotokoza mmene anagwidwiranso, kawirikawiri amayamba ndi dzina la mnzawo.

Mayi wina wa m'gulu lathu anafunsa ngati mafunso oyesedwa pa anthu a mtundu umodzi angaweruze bwino wa mtundu wina. Bambowo sanazembe. Anatiuza za mlandu wa Jeffrey Ewert, mkaidi wa mtundu wa Métis, umodzi mwa mitundu yoyambirira ya ku Canada. Mu 2018 khoti lalikulu la Canada linagamula kuti nthambi ya ndende sinatsate lamulo pogwiritsa ntchito zida zina zoyezera ngati mkaidi angadzalakwenso, popanda kutsimikiza kuti n'zolondola pa anthu a mitundu yoyambirira ya dzikolo. Nkhaniyi inandipweteka mtima, chifukwa nambala yolakwika yochokera pa kuyeza kotereku ingachititse munthu kukanizidwa kutuluka msanga.

Pobwerera mkangano unakula m'basi. Ena ankati mafunsowa atumizidwe kwathu ku Malawi akathandize ku Maula ndi ku Chichiri. Ine ndinakana: ayambe amasuliridwa bwino n'kuyesedwa pa akaidi akumeneko. Tinagwirizana kuti tidzapitirize nkhaniyi pamsonkhano wa mwezi wamawa, ndipo bambowo avomera kudzabwera.