Kutsitsa pH m'dziwe la koi ndi pampu yodonthezera asidi

Ndisanagwire botolo la asidi ndimayamba ndayeza pH (nambala yosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi, imene imatsika asidi akachuluka) ya madzi a m'dziwe kwa sabata yathunthu, kawiri pa tsiku: m'mamawa dzuwa lisanatuluke komanso cha m'ma 4 koloko madzulo. Ndere zimayamwa mpweya wa carbon dioxide masana, choncho pH imakwera dzuwa likapendeka n'kutsikanso usiku. Ngati m'mawa ili 7.8 koma madzulo 8.8, vuto ndi ndere, ndipo mankhwala ake ndi mthunzi, osati asidi. Ndimafufuzanso ngati muli simenti yatsopano yosapaka, miyala ya laimu kapena zigoba za nkhono mu fyuluta. Zimenezi zimakweza pH usana ndi usiku, ndipo kuthira asidi zili momwemo n'kungotaya asidiyo.

Koi, nsomba zokongola zowetedwa m'madziwe, zimakhala bwino pa pH iliyonse yapakati pa 7.0 ndi 8.5, bola isamasinthesinthe. Chimene chimandichititsa kuitsitsa ndi ammonia, zinyalala zimene nsomba zimatulutsa m'madzi. Madzi akakhala pa madigiri 25, gawo la ammonia limene limapweteka nsomba silifika 1 peresenti pa pH 7, limapitirira pang'ono 5 peresenti pa pH 8, koma pa pH 9 limadutsa 30 peresenti. Dziwe lodzaza nsomba limene lakhazikika pa 8.6 kapena kupitirira, limenelo ndiye loyenera kuvutikira.

Nambala imene ndimaiyang'anitsitsa si pH koma KH, muyeso wa bicarbonate amene ali m'madzi, mchere umene umatchinga pH kuti isagwe. Asidi akalowa amadya bicarbonate ameneyu n'kumusandutsa carbon dioxide. Nthawi yomweyo pH imagwa, koma mpweya uja ukauluka pa mathithi ndi pa miyala yopopera mpweya, pH imabwerera pafupi ndi pamene inali. Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa: amaganiza kuti asidi wachepa, amawonjezera, mawa amawonjezeranso, mpaka tsiku lina KH yatha. Pamenepo palibenso chotchinga, pH imatha kugwa kufika pa 5 usiku umodzi, mabakiteriya a mu fyuluta amene amachotsa ammonia amasiya ntchito, nsomba n'kuyandama. Fyuluta nayonso imadya KH, pafupifupi magalamu 7 pa galamu iliyonse ya nayitrojeni wa ammonia imene yasintha. Ine sindilola KH kutsika pansi pa 5 dKH (dKH ndi madigiri oyezera KH).

Ndimagwiritsa ntchito hydrochloric acid wa 32 peresenti. Viniga ndi citric acid ndi chakudya cha mabakiteriya, amachititsa madzi kuyera ngati mkaka ndi kutha oxygen. Phosphoric acid ndi feteleza wa ndere.

Masamu ake ndi awa. M'dziwe la malita 10,000, kuchotsa 1 dKH kumafuna mamililita pafupifupi 360 a asidi wosasungunula. Sindimuika pa pampu ali choncho. Ndimathira magawo 9 a madzi m'chigubu cha pulasitiki yolimba, kenako gawo limodzi la asidi pang'onopang'ono, ndili panja, nditavala magalasi oteteza maso ndi magolovesi. Asidi ndiye amapita m'madzi. Madzi akathiridwa pa asidi amatentha n'kuthovukira kumaso. Akasungunulidwa choncho, 1 dKH imafuna malita 3.6.

Zipangizo zake ndi pH controller (kabokosi koyatsa ndi kuzimitsa pampu ya asidi potengera pH) ndi probe yake (kachipangizo koviika m'madzi koyeza pH), pampu ya peristaltic (yokankha madzi pofinya kapaipi kofewa) yotulutsa lita imodzi pa ola, valavu yoletsa madzi kubwerera, timer, ndi timapaipi ta pulasitiki ya PTFE kapena polyethylene. Chitsulo ayi, ngakhale stainless, chifukwa asidi ameneyu amachidya. Nthunzi yake yokha imachititsa dzimbiri pa zomangira ndi mawaya, choncho chigubu chimakhala chotseka, kutali ndi bokosi la magetsi, komanso pansi kuposa pamene asidi akulowera kuti asamakokedwe yekha pampu itazima.

Probe ndimaiika pamene madzi akuchokera m'dziwe, m'chipinda cha fyuluta momwe madzi amayenda osaima. Asidi amalowera kutsogolo, pa paipi yobwezera madzi, atadutsa kale fyuluta ya mabakiteriya, kuti asakanikirane bwino asanafike kwa nsomba. Probe ikakhala pafupi ndi polowera asidi, pampu imangoyaka n'kuzima osatsitsa kanthu m'dziwe.

Tsopano mbali imene ndimaitenga kukhala yofunika kuposa zonse. Probe imanama. Ikakalamba kapena ikamera ndere pa kagalasi kake, imachedwa kuyankha kapena kuima pa nambala imodzi, ndipo controller imakhulupirira n'kumangopopa. Ndiye ndimakonza zoti ngakhale probe iname chotani, asidi wolowa asathe kupha nsomba. Pampu imalandira magetsi kudzera pa timer imene imalola mphindi 2 zokha pa ola. Amenewo ndi mamililita 33 pa ola, pafupifupi 800 pa tsiku, osakwana kotala la 1 dKH. M'chigubu sindiikamo oposa malita 4. Atakhuthukira onse m'dziwe, KH ingatsike pang'ono kuposa 1 basi. Ndipo magetsi a pampu ya asidi amachokera pamodzi ndi a pampu yaikulu yoyendetsa madzi a m'dziwe, kapena pa flow switch, switchi imene imazima madzi akasiya kuyenda. Madzi akaima asidi akupitirirabe kudontha, amaunjikana m'paipi, ndipo pampu yaikulu ikayakanso amatuluka onse nthawi imodzi.

Probe ndimaichuna kuti iziwerenga molondola ndi madzi oyesera a pH 7 ndi pH 10, chifukwa dziwe lili pakati pa ziwirizi. Ndimaitsuka ndi madzi oyera pakati pake, osaipukuta ndi nsalu. Ndimabwereza pakatha masabata awiri kapena anayi, ndipo ikayamba kutenga kupitirira mphindi imodzi kuti ikhazikike, kapena ikakwanitsa chaka ndi theka, ndimagula ina. Nambala zikamadumphadumpha m'dziwe koma n'kukhazikika m'kapu ya madzi omwewo, ndiye kuti magetsi akudontha kuchokera pa pampu kapena nyali ya UV yophera ndere.

Poyamba sindilemba 7.8 pa controller ngati dziwe lili pa 8.6. Ndimalemba 8.4, ndidikire masiku atatu kapena anayi, kenako 8.2, choncho mpaka 7.8. Kusintha kusapitirire 0.2 pa tsiku. M'masabata amenewa ndimayeza KH tsiku lililonse ndi madontho a mankhwala oyezera madzi, komanso pH ndi madontho kuti nditsimikize zonena za probe. Miyala yopopera mpweya imakhala ikuwira nthawi zonse, chifukwa carbon dioxide wochuluka amalepheretsa nsomba kupuma. Koi zikayamba kudzikhula pa khoma, kuunjikana pa mathithi kapena kukana chakudya, ndimazimitsa pampu ya asidi kaye, kuyeza pambuyo. KH ikafika pa 5 ndimasiyira pomwepo, ngakhale pH ikhale 8.0.

Soda wophikira amakhala pafupi kuti ndikweze KH ikatsika kwambiri: magalamu 300 amakweza KH ya malita 10,000 ndi 1 dKH. Ndimamusungunula m'ndowa n'kuthira pang'onopang'ono, nditayeza ammonia kaye, chifukwa pH ikakwera ammonia amene anali phee amayamba kuluma.

Ngati KH yambiri ikubwera ndi madzi owonjezera, pali njira yofatsa: kuthira asidi m'thanki yapadera, kupoperamo mpweya maola 24, kuyeza, kenako n'kulowetsa m'dziwe. Kapaipi kofewa ka m'mutu wa pampu ndimakasintha chaka chilichonse kasanang'ambike.